Kabokosi Kakuda Pambali pa Mzere

Lukwa, Kasungu
14 Epulo 2024

Okondedwa achimwene a Chawezi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko, ngakhale foni yanu imakhala ngati inagwera m'chitsime. Kuno tilipo. Fodya wauma m'chigafa ndipo bambo ayamba kusankha.

Mukukumbukira ntchito yanga ya kuyunivesite ija, yophunzitsa kompyuta kusiyanitsa masamba a fodya? Chaka chatha ndinajambula zithunzi za masamba zikwi ziwiri, bambo akundiuza kuti ili ndi lachikasu, ili lofiirira, ili lobiriwira. Kompyuta inaphunzira kwa iwo. Sabata yatha ndinaiyesa ndi masamba mazana atatu a chaka chino omwe bambo anasankhanso, n'kutulutsa tchati cha timabokosi tisanu ndi tinayi. Aphunzitsi amachitcha tchati cha chisokonezo. Mizere yopingasa ndi zomwe ananena bambo, yotsika ndi zomwe inanena kompyuta. Akagwirizana, timada timabokosi totsetsereka kuchokera pakona ya kumtunda mpaka ya kumunsi. Tinadadi, ine n'kumwetulira. Koma pambali panadanso kamodzi: masamba 41 omwe bambo anati achikasu, kompyuta ikuti obiriwira.

Ndinaikalipira kompyutayo. "Iwe wadzulodzulo, ungatsutse munthu amene wasankha fodya zaka makumi anayi?" Kenako ndinakayala masambawo padzuwa, ine ndi a Fainala oyandikana nafe aja. Achimwene, onse anali obiriwira. A Fainala anangoti, "Mwanawe, bambo akowa maso ayamba ng'ala."

Bambo sindinawauze. Nditawaonetsa tchaticho anachiyandikiza kumphuno, nati, "Chakongola, ngati chitenje cha malemu amayi ako." Tsopano akapita kokumba mtedza ndimasankhanso mobisa, kuti mabelo asakabwezedwe kuokushoni. Lachiwiri ndiwatengera kuchipatala kuboma. Ndawanamiza kuti tikukagula ziguduli.

Dzulo bambo anadzambatuka pakhonde n'kuthamangira kumsewu akuitana dzina lanu. Koma amene anawaonawo anali a Mphepo akuchokera kuchigayo. Bambo anabwerera akudziseka, koma fodya sanamugwirenso tsiku lonse. Zaka zisanu ndi chimodzi zakwana musanaponde pakhomo pano. Ndakusowani, ndipo ndatopa kusenza zimenezi ndekha. Za katundu musavutike, bwerani chimanjamanja.

Mupereke moni kwa alamu. Bambo akuti ndikuuzeni kuti ali bwinobwino, ndipo mukadzatsika basi adzakuzindikirani mukadali patali. Chonde fulumirani, mawu awowa asanasanduke bodza.

Ndine mlongo wanu,
Thokozile