Envulopu ya Mayi a Mapasa

KOMITI YOKONZA CHIKONDWERERO CHA GANESHA

Tsiku: Lachinayi, 21 Ogasiti
Malo: Chipinda chosungiramo mipando, kuseri kwa kachisi

Opezekapo: Wapampando, Dokotala wa Mano, a Positi (anapuma ntchito), Mayi a Mapasa, Mlembi.
Osapezekapo: Mlamu wa Wapampando (osapepesa, kachitatu tsopano).

1. Kutsegula
Wapampando anatsegula msonkhano 2:40 masana m'malo mwa 2:00, kiyi wa chipinda atapezeka m'thumba lawo lomwe.

2. Za msonkhano wapitawo
Mlembi anawerenga mfundo 4, yoti pa chionetsero cha masitampu a chithunzi cha Ganesha (mulungu wachihindu wa mutu wa njovu), chimene chidzakhale pakhomo la holo masiku onse khumi a chikondwerero, "paikidwe masitampu okha, osati mayina ndi maadiresi a anthu." Onse anavomera. Mayi a Mapasa anafunsa ngati envulopu imene anabwereketsa komiti ili bwino, poti ndi pokhapo pamene panatsala zolemba za malemu amuna awo. Wapampando anati tifikako.

3. Chidindo pankhope
Dokotala, amene amasonkhanitsa masitampu, anadandaula kuti asanu ndi awiri anamenyedwa chidindo pachitamba penipeni, ndipo kumeneko ndi kunyoza. A Positi anati: "Achimwene, makalata mazana asanu pa tsiku, ndiziyamba ndapepesa kaye?" Dokotala anafunsa za anthu onyambita kumbuyo kwa sitampu. A Positi anati pakauntala pamakhala siponji yonyowa. Dokotala anati malilime a anthu amawadziwa ndi iwo.

Nkhaniyi inadya mphindi 55 ndipo sipanatuluke chilichonse. Mayi a Mapasa anakweza dzanja kawiri. Mlembi anatopa n'kusiya kulemba.

4. Envulopu
Dokotala anaika patebulo kakhadi koyera, pakati pake pali sitampu yosalala bwino. Anafotokoza monyadira kuti potsatira mfundo 4 ya msonkhano wapitawo anaviika envulopuyo m'madzi ofunda, monga amachitira osonkhanitsa masitampu, ndipo sitampu inamatuka yosang'ambika ngakhale pang'ono.

Mayi a Mapasa anati: "Nanga pepalalo, adokotala?"

Dokotala anafufuza m'chikwama n'kutulutsa pepala lokwinyika. Inki yonse inali itasungunuka, panangotsala banga la buluu. Palibe chilembo chinawerengeka.

A Positi anati munthu wanzeru amayamba wadula kangodya ndi sizasi, n'kuviika kokhako. Dokotala anati sanafune kudula chinthu cha eni. Wapampando anati tisalozane zala, madzi akatayika saoleka. Mlembi akuona kuti pa miyambi yonse ilipoyi Wapampando akanatha kusankhako wina. Akuvomeranso kuti mfundo 4 anailemba ndi iye, ndipo zikumuwawa.

Mayi a Mapasa anayankhula osakweza mawu: "Analemba dzina langa pamenepa tisanakwatirane. Tsiku lakhumi tikaika Ganesha wathu wadothi m'madzi, dothi limasungunuka, chaka chamawa timaumba wina. Dzanja la bambo a mapasa ndikaliumba kuti?"



5. Zina ndi zina
Dokotala anafunsa ngati sitampuyo ingaikidwebe pa chionetsero. Mayi a Mapasa anawongola pepala lija pabondo, analipinda kawiri n'kuliika m'kachikwama kawo. Sitampu anaikankhira pakati pa tebulo, nati: "Tengani, ndi imene mumaifuna." Anatuluka.

6. Msonkhano wotsatira
Lachinayi, 28 Ogasiti, 2:00 masana, kiyi akapezeka.

Wapampando anatseka msonkhano 4:25. Sitampu ikadali patebulo pomwepo. Aliyense anaidutsa potuluka, ngakhale Dokotala.

Wapampando: ____________
Mlembi: ____________