Patapata lako lili pa ndodo yowedzela

Petronella,

Usavutike kufunafuna patapata lako lakumanzele, ndalidula. Pepa mwanawe. Ndinalipeza lokha kuseli kwa bafa, ndiye ndinayesa ndi lotaya. Linzake ndaliona nditamaliza kale.

Nkhani yake ndi chogwilila cha ndodo yanga yowedzela, chija chinathetheka. Chubu cha njinga chimatelela dzanja likanyowa, ndipo chingwe cha khonje chimanditulutsa matuza. Tsono ndinadzifunsa kuti, ngati patapata silitelela pa simenti yonyowa, lingatelele m'manja? Ndalidula timawilo, ndatiloweza ku nsungwi ndi guluu. Ndikufunitsitsa kuona ngati timawiloto tilimbe nsomba ikayamba kukoka.

Ndodoyo ndaiimika kuseli kwa chitseko, usaisunthe mpaka guluu aume. Ine ndathamangila ku msika kukakugulila ena, ndapima ndi lotsalalo. Pakali pano vala anga, ngakhale kuphazi kwako aoneke ngati mabwato.

Ukamasesa, kansalu kothaitha kali pa tebulo usakataye. Ndi kamene malemu amako anakulunga pa chogwilila chakalecho, ndakamasula lelo. Sindinapeze pokaika, kasiye pomwepo.

Atate ako