Amayi, Matenda Anu Aja Amachizika

Amayi, kodi kumeneko muli bwanji?

Ndine Esinala, mwana wanu woyamba. Kuno kwa Nthache tilipo. Zaka zitatu zikukwana chikuikireni m'manda. Mng'ono wanga Lute anabereka mwana wamkazi mvula isanayambe, tinamutcha dzina lanu. Mtedza wachita bwino, koma chimanga cha kutsidya chinadyedwa ndi mbozi. Mbuzi yanu yamawanga ija yaswa awiri.

Koma sindinakhalire pansi nkhani ya mbuzi. Ndakwiya, Amayi, ndipo ndikusowa womuuza.

Nditabereka mwana wachisanu ndinayamba kudontha mkodzo. Ndikatsokomola, ndikayetsemula, ndikamadzitwika ndowa kumjigo, ndinkangomva zofunda zikutsika m'miyendo. Ndinang'amba zitenje zakale n'kumavala nsanza m'kati. Tsiku lina ndikuyanika nsanzazo kuseri kwa bafa, n'kuziphimba ndi nsalu ina kuti anthu asazione, ndinangoima chilili. Umu ndi mmene munkayanikira inuyo.

Ndi pomwe ndinazindikira chifukwa chake kutchalitchi munkakhala kumapeto, pafupi ndi khomo. Paulendo wa ku boma madzi simunkamwa, ngakhale dzuwa liswe mtengo. Tikafuna kukhala pamiyendo panu munkati, "Khalani apo, ana inu, kukutentha." Anzanu akamafa ndi phwete pa chinkhoswe, inu munkangofinya milomo, n'kumati, "Kuseka ndinasiyira atsikana." Ife tinkati ndinu ouma mtima. Osadziwa kuti munkaopa kunyowa pagulu.

Ine ndinapirira chaka chathunthu. Kwaya ndinasiya. Kugulitsa manachesi pamsika wa kumalire a dziko ndinasiyanso, tsiku limene mayi woyandikana naye anasuntha dengu lake atagwira mphuno. Anandipulumutsa ndi namwino wa kusikelo, amene anangondifunsa mosazungulira, "Mayi, mkodzo mumaugwira bwinobwino?" Ndinalira pomwepo. Anandiphunzitsa kumafinya minofu ya kumusi tsiku ndi tsiku kuti ilimbe. Zitakanika, anandilembera kalata ya ku chipatala chachikulu ku Blantyre.

Kumeneko anandibaya jakisoni pamsana, miyendo inachita dzanzi, ndipo anakweza njira ya mkodzo n'kuimangirira kuti isamafooke. Ndinagona masiku ochepa ndili ndi kapaipi. Ponditulutsa anandiletsa kunyamula zolemera mpaka ndipole, moti mkamwini wanu ndiye ankatunga madzi panjinga, anzake akumuseka. Panopa ndine wouma, Amayi. Ndimagona pamphasa youma. Ndinabwerera kumsika, ndipo ndimapikisana ndi aliyense pothamangira madalaivala a mathiraki.

Koma chimene chikundiwawa ndi ichi. Ndinawafunsa adokotala kuti opaleshoni imeneyi yayamba liti. Iwo anati, "Kalekale, mayi." Kalekale! Inu munachapa nsanza zaka makumi awiri. Munayenda wapansi mpaka ku kachipatala kaja, munthu wovala zoyera n'kukuuzani kuti, "Ndi ukalamba umenewo, kazipitani." Ukalamba wanji, Lute akadali kubere? Alamu anu ankanong'onezana kuti munayenda njira ndi mwamuna wina, n'chifukwa chake thupi linakulangani. Anthu omwewo pamaliro anu ndi amene ankalira mokweza kuposa ife.

Nanga Abambo? Anasamukira kumalire kwa mkazi wina, akuti m'nyumba mukununkha. Nyumba imene munawaberekeramo ana asanu ndi awiri! Mwezi watha anabwera kudzaona khanda la Lute. Ndinawapatsa mpando, ndinawapatsa madzi, kenako ndinawauza zonse, za inu ndi za ine. Anati, "Sindinkadziwa kuti ndi matenda." Ndinati, "Munafunsapo?" Anangoyang'ana nsapato zawo. Lute akuti ndinawachititsa manyazi akuluakulu. Achite manyaziwo, ndi a tsiku limodzi.

Ndikudzikwiyiranso ndekha. Mutadwalika, ndinkachapa bulangete lanu ndikung'ung'udza, inu mukumva. Mundikhululukire. Komatu nanunso, Amayi, bwanji simunandiuze? Ndinali kale mayi wa ana. Tikanafunsa, tikanayenda, tikanagogoda zitseko mpaka wina atatsegula.

Lachinayi lapitali, pa msonkhano wa amayi kutchalitchi, ndinaimirira n'kunena zonse, mawu oti mkodzo ndinawatchula momveka. Amayi abusa anagwira pakamwa. Wina kumbuyo anati zimenezo n'zosayenera m'nyumba ya Mulungu. Ndinamaliza ndithu. Pobwerera, azimayi atatu ananditsatira m'kanjira ka kudambo, aliyense akudikira kuti mnzake apite kaye. Womaliza anali mng'ono wanu, mayi anga aang'ono, a Nasibeko, amene anabwera kuchokera kwa Kanduku kudzationa. Anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Mwananga, nanenso ndimadontha, koma ndine nkhalamba. Kuchipatalako angandilandire?"

Lolemba ndikupita nawo. Akakawabweza pakhomo loyamba, sindichokapo. Ndikulonjeza, Amayi, amenewa sitidzawaika m'manda ali onyowa.

Ndimakukondani,
Esinala wanu