Kulira kwa m'galimoto kwatha

Lachinayi madzulo, ku Kandeu. Kunja kwazizira, koma ine mtima uli m'malo.

Kulira kuja kwa m'galimoto, kwii kwii, ndathana nako ndekha. Chipitire bambo a Chisomo ku Joni, mng'ono wawo wakhala akufuna makiyi. Dzulo anati, "Alamu, injini mwaipha. Galimoto si ya azimayi."

Nditapita nayo kwa makaniko wa ku Sharpevale, kuchigwa cha Bwanje, sanamve kulira kulikonse. Pobwerera ndinazindikira kuti imalira kumtunda kuno kozizira basi, ndikatsikira ku Bwanje kotentha imakhala chete. Ndinati iyi si injini, ndi mapulasitiki am'kati akukhwinyata ndi chisanu.

Lero m'mawa ndinawauza alamuwo kuti ayendetse, ine n'kumakanikiza ndi dzanja paliponse. Nditagwira chitseko chakumanzere, kunangoti zii. Kogwirira pulasitiki ya chitsekocho kanali katathyoka. Ndinadula kachidutswa ka chubu cha njinga n'kukalowetsa pampatapo.

Anadutsa dala m'mabampu a kumsika, khutu lili tcheru. Sipanamveke kanthu. Titafika pakhomo anazimitsa galimoto, n'kundipatsa makiyi ndi manja awiri.

Bambo a Chisomo akaimba foni, kaya ndiyambira pati.