Zikhadabo za Alamu Anga

Lachitatu, 17 Epulo 1912
Tanyamuka ku Halifax kukatola mitembo ya sitima yaikulu ija inawomba phiri la madzi oundana. Takweza mabokosi, ayezi wosungira mitembo ndi zitsulo. Ine ntchito yanga ndi yosoka matanga. Alamu anga Sid, amuna a mlongo wanga Nora, ankasonkheza malasha m'sitimayo. Mwa opulumuka mulibe.

Lamlungu, 21 Epulo
Tafika. Akufa ali mbwee pamadzi. A Corkum, okonza maliro, akuwasankha ngati nsomba pamsika. Amangoyang'ana chovala ndi zikhadabo. Wa suti: mankhwala oletsa kuwola, bokosi, akaikidwe kumtunda. Wa m'manja mwakuda: kwa ine, ndimusokere m'chinsalu, zitsulo kumapazi, abwerere m'madzi momwe tamuvuulamo. Nanga timawavuuliranji?

Lolemba, 22 Epulo
Zwicker, mnzanga wopalasa bwato, akuti, "Soka motalikitsa, mkulu, nsomba sizidzayendera ntchito yako." Ndasokabe mothinana. Zala zachita dzanzi.

Lachiwiri, 23 Epulo
Tavuula Sid. Khutu long'ambika lija, sindingalisokoneze.

Ndinapita kwa a Corkum chipewa chili m'manja. Ndati bwana, awa ndi alamu anga, mlongo wanga akhale ndi manda okalirapo. Sanatembenuke n'komwe. "Aliyense pano ndi mlamu wa wina. Mankhwala achepa. Soka."

Galu! Sindinasoke. Ndawabisa kuseri kwa mitolo ya zingwe.

Lachitatu, 24 Epulo
Nthawi ya chakudya chamasana ndawameta ndevu. Zikhadabo ndakwecha ndi burashi ndi sopo, chala chimodzichimodzi. Malasha a zaka zonsezi sachoka msanga. Ndawaveka malaya anga oyera ndi jekete langa la kutchalitchi. Akandigwira ntchito yatha, mwina ndi ndende yomwe.

Zwicker wandipeza. Wayang'ana, wayang'ana. "Alamu akwezedwa pantchito, eti? Nsapatozo zikugwiritsa, chitsiru iwe." Wavula zake.

Lachinayi, 25 Epulo
Tawagoneka pamzere wa amene avuulidwa m'mawa uno. A Corkum afika, agwira nsalu ya jekete, atembenuza dzanja, ayang'ana zikhadabo.

Avula chipewa.

"Bokosi. Ndipo muwanyamule bwino abwanawa, osati ngati thumba la malasha."

Ndaluma mlomo mpaka magazi. Powanyamula, ine ndagwira kumutu.