Mphete ya m'diso la Esinati

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko?

Ndine Agnesi, mwana wanu, kuno ku Bangwe. Cholembera wagwira ndi Yohane, woyamba wanga uja, koma mawu ndi anga, ndipo ndamuuza asakometsere. Yohaneyo pano ndi mphunzitsi wamkulu. Feliya ali ndi makina atatu osokera ku Chirimba. Chitsirizira wanga Tadala, amene munamusiya akukwawa, ndiye mwini nkhani ya lero.

Mukukumbukira mng'ono wanga Esinati, manja ake onjenjemera aja, ndi kamzere kofiirira kozungulira diso lake? Munkati, "Wangayu anabadwa atavala kale mphete." Atamwalira, abale anakulozani chala kuti munamudya ndinu, ndipo munalowa m'manda mutasenza mawu amenewo.

Tadala nayenso ali nayo mpheteyo. Anapita padera kawiri, kapu ya tiyi inkamupulumuka m'manja. Adokotala atamuunika m'maso anati ndi mkuwa. Eetu Amayi, mkuwa wa mawaya womwewu! Akuti tonse timaudya pang'onopang'ono m'zakudya thupi n'kumautaya, koma chiwindi chake chimausunga. Ndi matenda akumtundu, ochokera kwa bambo ndi mayi omwe. Si ufiti.

Anamupatsa mapiritsi. Atatenga pakati kachitatu, ine ndi nzeru zanga ndinati awasiye, wapakati samwa zowawa. Anakana, poti adokotala anamuchenjeza kuti akasiya tidzaika maliro awiri. Paja munkati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinamukazingiranso chiwindi cha mbuzi kuti awonjezere magazi, osadziwa kuti m'menemo ndi momwe mkuwa wadzaza. Iye anachikana, mwamuna wake ndiye anachidya mpaka kunyambita mbale. Ngakhale nsinjiro adokotala anamuletsa Tadalayo, moti chisoso chanu chotendera chija ndakhala ndikuphika chosatendera, ndikukupepesani chamumtima.

Lachiwiri lapitali wabadwa mwana wamkazi, mawu ngati kondakitala woitanira za ku Limbe. Tadala ali bwino, wamunyamula ndi manja osanjenjemera. Ine ndinathamangira kusuzumira m'maso mwa khandalo. Anamwino anandiseka, akuti mphete sioneka pa khanda, adzamuyeza akakulako, ndipo ikapezeka mankhwala alipo.

Tikumana pakhomo pano Loweruka loyamba la Ogasiti, ndipo ndaitana ndi a ku Mulanje omwe, amene anakunenani aja. Ndikukulonjezani, Amayi: ndidzaimirira mwana ali m'manja, Yohane adzawerenga kalatayi mokweza onse akumva, kenako ndidzatchula dzina lake. Ndi Esinati.

Ine mwana wanu wokukondani mpaka tidzaonane,
Agnesi