Wosainira a Ajira

Lolemba, 5 Ogasiti

Sabata yakwana ndikudwazika amayi m'chipatala muno. Bedi loyandikana nalo agonekapo a Ajira a ku Chembe, chotupa m'mimba. Gadiyani wawo ndi a Edith. Ndimayesa ndi pachibale, koma odwalawo Msilamu, awa kolona m'khosi. Ine pakamwa paja sindipagwira, ndafunsa. Angoti, "Timakhala limodzi. Zaka 27, timayanika usipa." Ndamva. Sindinafunsenso.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

A Edith sakhala pansi. Mkatolika, koma nthawi za swala akuzidziwa pamtima. Ikakwana amabweretsa madzi m'kabeseni, kuwasambitsa a Ajira manja ndi kumaso, kenako kuwatembenuzira kumene Asilamu amayang'ana popemphera. Phala amaliuzira ngati la khanda.

Ndachita nsanje, ndisaname. Ine ndi Oscar tinakasainirana kwa DC, satifiketi ili m'sutikesi, yokutira pulasitiki. Chaka chachitatu ali ku Joni, ngakhale ka "uli bwanji" pafoni. Boma limandidziwa kuti ndine mkazi wa munthu. A Edith siliwadziwa.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Adokotala ati opaleshoni Lachisanu. A Ajira afooka, akungobwebweta, ndiye pafunika wina awasainire. Anesi afunsa a Edith, "Ndinu ndani wawo?" Ayankha motsitsa, "Mnzawo." Anesi ayankha mwaulemu ndithu kuti fomu ikufuna mwamuna wawo kapena wachibale, mzere wa mnzawo palibe.

Kukhitchini ya magadiyani a Edith andiuza zonse. Wachibale wotsala ndi mlongo wawo wa a Ajira, a Hafiz a ku Katuli, mwini mbumba. Chikhalireni pamodzi awiriwa, sanapondepo pakhomo pawo. "Akabwera awatenga kumudzi, ine sindidzawaonanso." Ndawauza kuti angonama kuti ndi mng'ono wawo, adziwa ndani? Akana. Akuti zikakavuta kuthiyeta achibale asadzamve za kwa ena. Awaimbira foni a Hafiz ine ndili pomwepo. "Bola akhale moyo, kaya kwanga kaya kwawo."

Ine sindikanatha, eti.

Lachinayi, 8 Ogasiti

A Hafiz sanafike. Amayi lero akhala tsonga okha, adya ndi nthochi.

Lachisanu, 9 Ogasiti

A Hafiz afika m'mawa pa kabaza wa njinga yamoto, fumbi mpaka m'ndevu. Apereka moni kwa anesi, kwa ine, kwa amayi. A Edith awadutsa ngati mzati.

Anesi ayamba mafunso. Odwalawa amamwa mankhwala anji? A Hafiz sakudziwa. Alipo mankhwala amene amawawenga? Sakudziwa. Anadya komaliza liti? Ayang'ana kudenga. Ndiye a Edith, ali chiimire kuseri kwa chitseko, ayamba kuyankha. Mapiritsi a BP chiyambire chaka cha Idai, jakisoni wina anawatupitsa nkhope, phala masipuni anayi dzulo masana. Atulutsa kabuku ka kuchipatala kokutira chitenje, tsamba lililonse akulidziwa. Sanadzionetse, sananyoze munthu, amangoyankha basi. A Hafiz amvera onsewo cholembera chili m'manja. Asaina. Anesi atafunsa nambala yoimbira zikachitika zina, aloza kuchitseko osayang'anako. "Lembani ya awo."

A Ajira atalowa nawo kuthiyeta, panja panali benchi imodzi yokha. A Hafiz akhala pakati penipeni, tasibiri, mikanda yawo yopempherera, m'manja. A Edith atsamira khoma chapatali, ndi kolona wawo. Ine ndinanamizira kutsuka kapu pampopi, zoti ndichoke ndinalibe nazo.

Ola lathunthu latha. Kenako bambo aja asendera kumapeto, apukuta fumbi pabenchi ndi chipewa chawo.

"Alamu, khalani apa. Mwaima nthawi yaitali."

A Edith acheuka kumbuyo kuona ngati akunena wina. Kunalibe wina. Akhala.